Osalira Mpaka Tikafike kwa Kawinga

Za tsiku ndi tsiku ndimazilemba kumapeto kwa kope lakale la masamu, chifukwa palibe munthu amene amatsegula kope la masamu la mnzake. M'kope la chaka chatha muli tsamba limodzi losowa. Ndinaling'amba ndine, koma sindinalitaye. Analidya mayi wina wogulitsa usipa, tili pamwamba pa matumba a feteleza pafupi ndi njanji ya ku Nayuchi. Zimene zinachitika tsikulo ndazilembanso pano, poti tsopano nzololedwa kunena.

Foni ya amayi inalira m'bandakucha, Lachiwiri lina la mwezi wa Okutobala, ine ndikukoleza makala oti ndisitire yunifolomu. Timakhala ku Nkaya, kuseri kwa siteshoni, ndipo amayi amasoka zovala pakhonde la golosale. Anayankha m'Chichewa, kenaka anatembenukira ku Chiyao, chimene sankalankhula pakhomo pathu. Atadula anakhala pansi pa mkeka, foni ili m'manja.

"Edina, siya yunifolomuyo. Tikupita kwathu."

Amayi anabadwira kwa Kawinga, ku Machinga, m'banja la ufumu. Mlongo wawo, amalume anga, ndi amene anali mfumu ya mudziwo. Dzina la mudzi ndalisiya dala. Amayi atakwatiwa ndi abambo, mphunzitsi wa Chikatolika, nabatizidwa, amalume anawauza kuti asadzapondenso pabwalo pawo. Panapita zaka khumi, zisanu ndi ziwiri. Abambo atamwalira, ine ndili Sitandade 8, amayi anatumiza uthenga kawiri. Sikunabwere munthu, ngakhale nkhuku ya chipepeso. Ine kumeneko ndinali ndisanapiteko.

"Tamvera bwino, sindibwereza," anatero akupinda zitenje. "Amalume ako atisiya usiku wathawu. Aimbawa ndi Che Bwanali, nduna yawo. Kwathu mfumu ikapita palibe amene amalira, palibe amene amanena, ngakhale mkazi wake, mpaka mlongo wake wa bere limodzi alowe m'nyumba ndi kuyamba iye kulira. Akalira iyeyo mudzi wonse umalira, ndipo mfumu imakagona pansi pa msolo, pamene pali mafumu anzake. Wina akatsogola kulira, kapena mlongoyo akapanda kulira, amakaiyika mwakachetechete kumanda a aliyense, ngati mlendo wofera panjira."

"Nanga alongo ena palibe?"

"Tinabadwa awiri. Ashehe avomera kudikira mpaka swala ya alasiri, pemphero la cha m'ma hafu pasiti 3. Ndi kutentha kuno thupi silingagone. Ndiye panjira pakamwa potseka. Usauze munthu, usagwetse msozi. Wamva?"

"Ndamva. Koma amayi, mudzigwira tsiku lonse?"

Anamanga mfundo ya chikwama, naikoka kawiri. "Kufika ndifika, asadzanene kuti ndinakana. Za kulirazo sindikudziwa."

Pamene iwo ankasamba, ndinachita chinthu chimene sindinayenera kuchita. Poti sindikanauza munthu, ndinauza kope. Pamwamba pa tsamba latsopano ndinalemba mzere umodzi: Amalume anga, amfumu a kwakutikwakuti, amwalira usiku wathawu ndisanawaonepo. Ndinaponya kopelo m'chikwama changa, ndipo ndinavala wotchi ya malemu abambo, imene imandikulira pamkono.

Mayi a Joni, oyandikana nawo nyumba, anali kusesa pamene tinkatuluka.

"Iii, m'mawa uno mwatchena chonchi, kwagwanji?"

"Tikukaona abale," anatero amayi osaima.

"Abale ake ati? Inu muli ndi abale?" Anaseka okha, tsache lili m'manja. Amayi nawonso anaseka pang'ono, ndipo kusekako kunandiopsa.

Galimoto yoyamba inali lole yogula nandolo. Dalaivala anati, "Balaka ndi pompano, mayi," koma ankaima paliponse pamene waona thumba m'mphepete mwa msewu. Ankatsitsa sikelo, kuikoleka pamtengo, kukangana ndi mwini nandolo, kenaka kukweza. Anaima kasanu ndi kawiri. Ulendo wotsatira sanaimire nandolo ayi, injini inatentha, nthunzi ili tolotolo. Anatuma munthu kukatunga madzi kumjigo, ndipo kumjigoko kunali mzere wa ndowa. Amayi anakhala chiwongokere pamwamba pa matumba, maso ali kumalambe. Tinafika ku Balaka 9 koloko itadutsa kale, nsidze zili mbuu ndi fumbi.

Padepoti panali minibasi ya ku Liwonde imene inatsala ndi malo awiri okha. Tinali titagwira kale chitseko pamene panafika bambo ndi mkazi wake, mkaziyo maso ali psuu.

"Achimwene, tithandizeni, tikupita kumaliro. Akuyika 12 koloko."

Kondakitala sanaganize kawiri. "Mayi, pepani, apatseni mpata awa, mwamva nokha. Inu mukwera inayo, ikunyamuka pompano."

Anthu a m'katimo anafinyana, wina anawalandira chikwama, wina ali pepani, pepani. Minibasi inapita ife tikuiona.

"Amayi," ndinanong'ona, "bwanji tingomuuza iye yekha?"

Anandigwira pamkono. Zala zawo zinali zozizira ngakhale kunja kunali kukuwotcha. "Ukamuuza iye, auza wa ku Liwonde, wa ku Liwonde auza wa ku Ntaja. Tikapeza mudzi ukulira kale."

Inayo inali ndi anthu asanu ndi mmodzi. Titakhala, atatu anatsika mmodzimmodzi. Anali oitanira, ongokhalamo kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso pomwepo. Amayi anandigulira zitumbuwa ziwiri, koma zinkangozungulira m'kamwa. Tinanyamuka 11 koloko itatsala pang'ono. Pa Chiyendausiku anakwezanso anthu atatu opanda pokhala, ndipo tisanafike pamlatho wa Shire anawatsitsa kuti awoloke wapansi, tikawapeze kutsidya apolisi titawadutsa. Mmodzi wa iwo anali gogo wa ndodo. Tinamudikira.

M'minibasi ya ku Ntaja ndi mmene ndinakumana ndi Abiti Kasimu. Anali mayi wonenepa, wa duku lachikasu, ndi dengu la usipa limene anakana kuti liikidwe kumbuyo. Analikhazika pamiyendo pawo, theka lili pamiyendo panga. Tisananyamuke n'komwe anayamba kuwerenga mokweza chilichonse cholembedwa kunja.

"Pa-no ti-ma-tcha-ja ma-fo-ni. Zo-nse ndi ntha-wi go-lo-sa-le. O-sa-ko-dza pa-no."

"Mayi, mutiwerengera mpaka ku Ntaja?" anafunsa kondakitala.

"Mpaka ku Nayuchi ndikafuna. Ndinaphunzira mochedwa ine, kusukulu ya kwacha, ndiye ndikubweza zaka zonse zija ndinkangoona zilembo ngati mapazi a nkhuku. Iwe wa Fomu 4 chimene unapindula n'chiyani? Kulendewera pachitseko?"

Minibasi yonse inafa nacho chiseko, ngakhale kondakitalayo. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mwali, ukulowera kuti?"

"Kutsogolo kwa Ntaja."

"Kutsogolo kwa Ntaja n'ku Mozambique. Kwa yani?"

Amayi anali atafunda chitenje kumutu, nkhope ili kuwindo. Ndinatchula dzina la mudzi motsitsa mawu.

"Eee! N'kwathu kumeneko! Ndinakwatiwa komweko, chaka chino n'chakhumi. Ndachokako dzana kukapikula usipawu. Mukufikira mwa ndani?"

"Mwa Che Bwanali," anayankha amayi osatembenuka.

Abiti Kasimu anawayang'ana kumsana. "Akudwala amayi akowa?"

"Mutu," ndinatero.

"Ndi dzuwali. Tiwasiye."

Ku Liwonde tinachoka 12 koloko itapitirira ndi theka. Minibasi inakwera zitunda ikulira ngati ikufa. Pa Nsanama anakweza mbuzi ziwiri pansi pa mpando wathu, kenaka dalaivala anasowa. Tinamuona patsidya la msewu akudya kanyenya, osafulumira, akusankha nthuli ndi kamtengo. Anthu anadandaula, wina analiza hutala, iye anangokweza dzanja. Ine ndinkayang'ana wotchi mpaka amayi anaiphimba ndi chikhatho chawo. Ndinawayang'ana m'maso kuti ndione ngati muli misozi imene akuibweza. Munalibe kanthu. Anali ouma ngati a munthu amene akupita kukagula ulusi.

Ntaja tinafika 2 koloko itadutsa. Amayi anathamangira kwa a kabaza a njinga zamoto, koma onse anali pamzere pomwetsera mafuta, akukankha njinga zawo ndi manja. Petulo kunalibe. Yotsala inali matola imodzi ya dizilo, kapikapu kodzaza ndi matumba a feteleza ndi malata atsopano asanu ndi limodzi.

"Adalaivala, awa akudwala mutu, akhale kutsogolo," analamula Abiti Kasimu. "Mwali, iwe bwera kuno tikaphikidwe limodzi."

Chotero amayi sanamve zimene zinakambidwa kumbuyo. Anayambitsa ndi mwini malata, bambo wachinyamata amene ankawasisita ngati mwana. Anati udzu wasowa masiku ano, munthu wanzeru ndi wa malata.

"Kawauzeni amfumu athu zimenezo," anatero Abiti Kasimu. "Yawo ndi yamalata, koma kanyumba kaja ka kuseri amakafolera ndi udzu chaka ndi chaka. Okha! Kukwera okha padenga ndi msana wawo uja. Dzana lomweli ndikuchoka ndawasiya ali pamwamba, ndikuti, amfumu, mukagwa ndani atiweruze? Akuti, ukagwa iwe ndi usipa wako ndani akudzutse?"

"Mumagona ndani m'menemo?" anafunsa wina.

"Nkhuku!" anakuwa mwini malata.

"Iyayi," anatero Abiti Kasimu, "ngakhale nkhuku amathamangitsa. Akazi awo amangozira pansi n'kutseka. Mwana wawo weniweni atakwatiwa anapempha kuti ayambiremo banja, anamukaniza."

Onse anaseka kupatula bambo wina wokalamba wa chipewa choyera, amene ankamutchula kuti Che Amidu. Iye anangoti, "Muli mwini wake," nayang'ana kumbali.

"Mawa ndikawapatsira usipa," anapitiriza Abiti Kasimu. "Amaukonda wootcha, amfumu athu. Amati wophika ndi wa odwala."

Anthuwa ankakamba za munthu amene ankayembekeza kukamupeza atakhala pakhonde, ndipo ine ndekha kumbuyoko ndinkadziwa. Ndinaluma mlomo wam'munsi, ndinawerenga mitengo ya mango, ndinanena pamtima mayina a mitsinje ya pamapu. Kenaka galimoto inaima.

Sitima ya malasha inali itaima modutsa msewu. Mabogi ake analibe mapeto, kumanja ndi kumanzere komwe. Wotchi inkati 3 koloko yatsala mphindi khumi.

"Iyi ikaima imaima," anatero dalaivala, nazimitsa injini, wailesi yokha ikuimba. "Sabata yatha tinakhala pano maola awiri."

Amuna anatsika kukakhala pamthunzi wa mtengo. Ine ndinatsala pamatumba, ndipo ndinaona kuti misozi yafika. Ndikafuna kubisa nkhope kusukulu ndimawerama pakope, ndiye ndinachita chomwecho. Ndinalitulutsa, n'kulitsegula pamaondo. Sindinaganize za amene anali pambali panga. Pamalopo panalibe golosale kapena chikwangwani, ndipo Abiti Kasimu anali atakhala nthawi yaitali osawerenga kanthu.

"A-ma-lu-me a-nga, a-mfu-mu a kwa..." Anawerenga dzina la mudzi wawo, mawu akukwera ndi chimwemwe. "A-mwa-li..."

Ndinawatseka pakamwa ndi dzanja langa. Chibadwire sindinagwirepo munthu wamkulu chotero. Ndinamva chifuwa chawo chikudzaza mpweya, ndipo kulira kuja kunafika m'chikhatho mwanga, kotentha, konyowa. Ndinakanikiza.

"Chonde mayi, chonde," ndinanong'ona. "Amayi ali kutsogolowo ndiwo mlongo wa amfumu."

Anandiyang'ana maso ali tong'o. Anayang'ana kutsogolo kwa galimoto, kumene kunkaoneka chitenje cha amayi pagalasi, kenaka dzuwa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo ndinachotsa dzanja. Ndinang'amba tsambalo, koma sindinadziwe koti ndilitaye, poti mphepo ikanalitengera kwa amuna aja. Iwo anandilanda, nalifinya, naliponya m'kamwa. Anatafuna akuyang'ana kumwamba mpaka anameza.

"Abiti Kasimu, mukudya chiyani osatigawira?" anakuwa mwini malata.

"Mankhwala a mano," anatero. Mawu awo anatuluka osasa. Anatsika pagalimoto ngati mtsikana, dengu kulisiya. "Adalaivala! Kumunsi kuja kuli mlatho wa njanji, mtsinje wake ndi wouma. Tidzere pansi pake."

"Mchenga uja? Mundigulira sipuling'i inu?"

"Usipa wanga ukuwola."

"Usipa wouma umawola liti? Mayi, khalani pansi muwerenge mabogi."

Anakangana, mayiyo akukweza mawu, dalaivala akuseka, ndipo ndinaona kuti sizitheka. Chimene chikanamudzutsa chinali chimodzi chokha, ndipo palibe amene akanachinena. Pomwepo amayi anatsegula chitseko natsika kuti aone kutalika kwa sitima. Chitenje chinatsetsereka kumutu.

Che Amidu anaimirira pansi pa mtengo paja. Anayenda pang'onopang'ono, naima patsogolo pawo, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Abiti Selemani," anatero motsitsa.

Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo. Amayi anangopinda maondo pang'ono, manja ali pamodzi. Nkhalambayo inayang'ana nkhope ya Abiti Kasimu, inayang'ana dzuwa. Inapisa dzanja pawindo la galimoto, n'kuzimitsa wailesi.

"Mwanangu, dzera kumtsinje."

"Koma agogo, katunduyu..."

"Dzera kumtsinje. Katundu titsitsa."

Dalaivala anayang'ana amayi, naliza injini. Amuna aja anadzuka mmodzimmodzi. Palibe anafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo aliyense ankapewa maso a mnzake. Mtsikana wina wa mwana kumbuyo anayamba kunena kuti, "Kodi amfumu..." koma apongozi ake anamutsina pantchafu.

Tinatsata kanjira ka ngolo m'mphepete mwa njanji. Pamtsinje anatsitsa matumba onse, mwini wake natsala nawo. Galimoto inalowa mumchenga, inayenda pang'ono, n'kutitimira pansi penipeni pa mlatho, sitima ili pamwamba pathu. Tinakankha tonse, amayi ndi ine ndi Che Amidu yemwe. Mateyala ankangozungulira, akutiwaza mchenga m'maso. Tinafukula ndi manja, tinaika nthambi, zinathyoka. Ndiye mwini malata uja anakwera, namasula chingwe, nasolola malata awiri atsopano. Anawagoneka pansi pa mateyala. Galimoto inawaponda, anapindika ngati mapepala, ndipo tinatuluka. Dengu la usipa linagubuduka pokwera gombe, theka linatsala mumchenga, koma mwini wake sanacheuke n'komwe.

Tili m'njira, mphepo inabweretsa mawu a woitanira swala pamzikiti. Abiti Kasimu anandigwira dzanja nalifinya mpaka mafupa anawawa.

"Adalaivala, pondani," anatero Che Amidu.

Mudzi wa amayi uli m'munsi mwa kaphiri, nyumba zili m'magulumagulu, mayi ndi ana ake aakazi pamodzi, nkhokwe zili pakati, mipanda ya udzu kuseri. Koma chimene ndinaona poyamba si nyumba ayi, ndi kuti kunalibe phokoso. Kunalibe mtondo, wailesi, kapena utsi pa mafuwa. Ana anali atawatsekera m'nyumba. Pabwalo la amalume amuna anali ataima kale m'mizere, atachoka kumzikiti, ndipo jeneza, chonyamulira maliro chija, inali pakhonde. Pachitseko penipeni panakhala bambo wamfupi wa imvi, miyendo atatambasula kuti pasadutse munthu. Ashehe anaima pambali pake akumulankhula motsitsa. Ameneyo anali Che Bwanali. Kumbali kwa nyumba kunakhala amayi ambirimbiri, ena ataluma nsonga za zitenje. Akazi a amalume anali pakati, anzawo awiri atawagwira mapewa.

Che Bwanali atationa anapinda miyendo. Amayi anavula nsapato, nalowa okha.

Tinadikira. Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake. Ndinayang'ana wotchi, mphindi zitatu, zisanu, zisanu ndi ziwiri. Amayi a kumbali aja anali atatsamira kutsogolo, pakamwa pali yasa, ngati anthu osenza mtolo amene akudikira kuuzidwa kuti tulani.

Amayi anatuluka. Nkhope yawo inali monga inalili ku Nkaya.

"Ndamuona," anatero kwa Che Bwanali. "Wakalamba. Palibe chikubwera, Che Bwanali. Ndayesa. Zonamizira sindingachite pamaso pake."

"Abiti Selemani, yesaninso. Ngakhale kamodzi kokha."

"Mwamuna wanga ndinamuyika ndekha. Misozi yanga inathera kumeneko."

Ashehe anayang'ana dzuwa, napukusa mutu mwachisoni, nakodola amuna anayi. Iwo anayamba kuyenda kulunjika pa jeneza. Akazi a amalume anagwa chafufumimba, chitenje chili m'kamwa, phewa likugwedezeka popanda mawu.

Ndi pamene ndinakaona. Kuseri kwa nkhokwe kunali kanyumba kakang'ono kozungulira, kozira bwino, chitseko chomanga ndi luzi. Denga lake mbali imodzi linali lachikasu, udzu watsopano. Mbali inayo inali isanathe. Makwerero anali chitsamire pakhoma, ndipo pansi panali mitolo itatu ya udzu ndi luzi lonyika m'beseni.

Ine m'kalasi aphunzitsi akanditchula kuti ndiwerenge, mawu amandithawa. Sindidziwa mmene ndinadutsira bwalo lonse lija pamaso pa amuna onse aja. Ndinangopezeka ndagwira dzanja la amayi.

"Amayi, kanyumba ako n'ka ndani?"

Anayang'ana kumene ndinkaloza. Anatsinzina, nayang'ananso. "Ndi gowelo langa. Ndinkagonamo ndili mtsikana. Ndimayesa linagwa kalekale."

"Amafolera okha chaka ndi chaka. Anthu amanena m'galimoto muja. Akuti salola munthu kugonamo, ngakhale mwana wawo. Amati muli mwini wake."

Amayi anatsika pakhonde opanda nsapato. Amuna anayi aja anaima. Anayenda mpaka pa kanyumbako, nagwira makwerero, nawerama, natola luzi m'beseni muja. Linali likadali lofewa, madzi akudontha. Anaima nalo m'manja. Kenaka anatembenuka nathamanga, amayi anga amene sindinawaonepo akuthamanga, nadutsa Che Bwanali, nalowa m'nyumba.

"Alumbu wangu! Alumbu wangu ine!"

Ndi Chiyao, ndiye kuti mlongo wanga. Mawuwo anali asanathe pamene mudzi wonse unaphulika. Akazi a amalume analavula chitenje nakuwa, amayi onse aja anagwa pansi, zitseko zinatseguka, ana anatuluka akulira osadziwa chimene akulirira. Abiti Kasimu anakhala pansi pomwe anaima, pafupi ndi galimoto, nalira kuposa onse. Che Bwanali anaphimba nkhope ndi chipewa. Inenso ndinalira, munthu woti sindinamuonepo.

Anakawayika pansi pa msolo dzuwa litapendeka. Ife akazi tinaima patali, pamapeto a munda, tikuona zipewa zoyera zikukwera kaphiri. M'mawa mwake amuna anazula chitseko cha nyumba ya amalume nakachigoneka pamanda, kenaka anasasula denga, poti m'nyumba ya mfumu simugonanso wina. Ife tinagona m'gowelo. Ndikagona chagada ndinkaona kumwamba kudzera mbali yosatha ija.

Tsiku lachitatu kum'mawa kunachita mitambo yakuda, ndipo kunkamveka kugunda cha ku Mozambique. Amayi anatuluka, nayang'ana mitamboyo, nayang'ana denga. Anamanga chitenje cholimba m'chiuno.

"Abiti Selemani, dikirani tiitane anyamata," anatero Che Bwanali. "Mkazi sakwera padenga."

"Mlongo wanga ankawaitana anyamata pofolera?"

Abiti Kasimu anali atanyamula kale mtolo wa udzu. Amayi analuma luzi, naponda pa mtanda woyamba.

"Edina, gwira makwerero."